Kaduwa ka ku Namaqualand: Kufesa ndi Kusamala

Moni nonse amene mukumvetsera, kaya muli pa ntchito, kaya muli m'takisi. Ndikulankhula kuchokera ku Cape Town, ndipo lero tikambe za kaduwa kamene ambiri ogwira ntchito ya m'gadeni kuno amapatsidwa kuti afese: Namaqualand daisy, kamene akatswiri amati Dimorphotheca sinuata. Kwawo ndi ku Northern Cape, kufupi ndi Springbok ndi Kamieskroon, dziko louma la mchenga ndi miyala. Mu Ogasiti ndi Seputembala chipululu chonsecho chimadzaza ndi maluwa a olenji ndi achikasu.

Choyamba ndi nyengo, pakuti apa ndi pamene ambiri amaphonya. Tinazolowera kubzala ndi mvula yoyamba ya Novembala, koma kuno mvula imagwa nthawi yozizira. Fesani pakati pa Malichi ndi Meyi, kutentha kukayamba kutsika. Mukafesa m'chilimwe timbande timapsa tisanakule. Anzathu a ku Joni, miyezi yake ndi yomweyo, kungoti inu muzithirira nokha chifukwa chisanu chanu chilibe mvula.

Sankhani malo owomba dzuwa tsiku lonse. Maluwawa amatseguka dzuwa likakwera, amatseka madzulo, ndipo kukachita mitambo satseguka n'komwe. Amayang'ana kumene kuli dzuwa, choncho bedi likhale poti munthu akaima dzuwa lili kumsana aziwaona kumaso. Pamthunzi mudzangopeza mitengo yowonda yogwera pansi.

Dothi likhale lotayirira, losasunga madzi. Ngati ndi lamakande, sakanizani ndi mchenga wa kumtsinje. Kompositi pang'ono basi. Chonde musathire feteleza wambiri kapena manyowa a nkhuku: masamba amachuluka, maluwa n'kuchepa.

Palasani ndi reki, mwazani njere pamalo pomwe zidzakulire, chifukwa mizu yake siikonda kuwokeredwa. Kwirirani pang'ono, mamilimita 5 okha, n'kutsendera ndi chikhatho. Thirirani ndi kheni ya timabowo ting'onoting'ono, osati paipi yothamanga imene imakokolola njere. Dothi lizikhala lonyowa mpaka zitamera, nthawi zambiri pasanathe masiku 10. Zikafika kutalika kwa chala, patulirani kuti zitalikirane masentimita 20. Zimawawa kuzula mbande zabwinobwino, koma zothithikana zimalimbirana kuwala ndipo zimafooka.

Kuyambira pamenepo chepetsani madzi. Kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo mvula ikagwa musathirire. Pisani chala m'dothi: ngati mkati muli chinyontho, siyani. Mukaona mbewu ikufota dothi lili lonyowa, tsinde litada m'munsi, dziwani kuti mizu yawola ndi madzi. Nkhono nazo zimatha kumaliza bedi lonse usiku umodzi mbande zikadali zanthete. Zitoleni ndi tochi kukada.

Pakatha miyezi pafupifupi 3 maluwa amayamba, mbewu itafika masentimita 30. Kuthothola ofota kumathandiza kuti ena aphuke, koma siyani angapo akhwime. Mutu ukauma mudzapezamo njere za mitundu iwiri: zaphwatalala zopepuka, zimene zimamera msanga, ndi zina zowonda ngati timitengo, zimene zimachedwa kumera. Musazitaye zowondazo poganiza kuti ndi zinyalala. Sungani zonse mu envelopu ya pepala pamalo ouma, osati m'pulasitiki, momwe zimachita nkhungu, mpaka Malichi wotsatira.