Mbendera za m'midzi ya malasha ku Durham

Zikomo mfumu, zikomo amayi ndi abambo, nanunso achinyamata muli kumbuyoko. Nkhani yanga lero yachokera kutali, kumpoto chakum'mawa kwa England, m'dera la Durham, kumene midzi yambiri inamangidwa chifukwa cha migodi ya malasha.

Pamene boma linkatenga migodi m'manja mwa eni ake mu 1947, m'derali munali migodi yoposa 100. Mgodi uliwonse unali ndi nthambi ya bungwe la okumba malasha, ndipo nthambi iliyonse inali ndi mbendera yake: chinsalu chachikulu cha silika, chojambulidwa ndi penti uku ndi uku, chonyamulidwa ndi amuna angapo pamitengo iwiri. Pansalupo ankajambulapo dzina la mudzi, nkhope za atsogoleri awo, nthawi zina nkhani ya m'Baibulo. Kuyambira 1871 midziyi imasonkhana mumzinda wa Durham pa mwambo wa Durham Miners' Gala, masiku ano Loweruka lachiwiri la Julaye, mbendera ndi oimba malipenga a mudziwo zikuyendera limodzi. Mgodi ukapha munthu chaka chimenecho, mbendera yake inkabwera itamangidwa nsalu yakuda. Tangoganizani za Easington, kumene anthu 83 anafa pa ngozi ya mu 1951.

Kenaka migodi inayamba kutsekedwa. Sitiraka yaikulu ya 1984 mpaka 1985 inalephera, ndipo pofika kumapeto kwa 1993 mgodi womaliza wa dera limeneli unali utatsekedwa. Ntchito inatha, masitolo n'kutseka, ndipo ambiri ankati mwambo uja nawonso wafa. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere bwino. Anthu a m'midzimo, ena ana ndi adzukulu a okumba malasha, anapanga makomiti, n'kumasonkha ndalama, n'kukafukula mbendera zakale zong'ambika. Zina anazikonza, zina anajambulitsa zatsopano potengera zakalezo. Ana a sukulu nawo amapanga zawo. Mbendera yatsopano ikatha amapita nayo ku Durham Cathedral, tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, tsiku la mwambolo kuti ikadalitsidwe.

Ine chimandigwira mtima si kukongola kwa nsaluyo ayi. Kuti mbendera itheke, mudzi umayenera kukhala pansi n'kugwirizana kuti ajambulepo ndani, chaka chiti, mawu otani. Okalamba amafunsidwa, zithunzi zimatuluka m'masutikesi, anthu amakangana, ndipo mbiri ya mudzi imamveka pa mkangano womwewo.

Kumpoto pang'ono, ku Ashington, zojambula za moyo wawo zinayamba kale. Mu 1934 okumba malasha anayamba kalasi yamadzulo ya zojambulajambula, mphunzitsi wawo Robert Lyon. Ataona kuti zithunzi za akatswiri akale sizikuwafika pamtima, anawauza kuti azijambula okha. Anajambula zomwe ankazidziwa: kunsi kwa mgodi, nkhunda, agalu othamanga, timinda tawo. Zithunzizo zikusungidwa ku Woodhorn, mgodi wakale umene unasanduka nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Ife mgodi sitinali nawo pakhomo, koma abambo athu ndi agogo athu anatsika m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo ambirife tikukumbukira ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974. Amene anapita ku Joniko atsalapo ochepa. Ndiye pa msonkhano wotsatira, amene muli ndi chithunzi, chiphaso, kapena bokosi limene mkulu wanu anabwera nalo, mubwere nazo, ndipo ngati mwini wake ali moyo mumutenge. Achinyamata odziwa kujambula, mulembetse maina kwa alembi musanachoke.