Buku la "Ife": dziko limene munthu alibe dzina

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikambe za munthu wina wa m'buku yemwe analibe dzina, anali ndi nambala basi, D-503.

Bukuli analemba ndi Yevgeny Zamyatin wa ku Russia cha m'ma 1920 ndi 1921, mutu wake m'Chirasha ndi My, kutanthauza kuti "Ife". Mkuluyu anali injiniya wa sitima zapamadzi, mu 1916 anali ku Newcastle ku England kuyang'anira ntchito yokhoma sitima zoswa madzi oundana, ndiye D-503 anamupanganso injiniya, akumanga chombo chopita kumwamba chotchedwa Integral.

Tangoganizani dziko lakelo. Nyumba zonse ndi za galasi, khoma galasi, pansi galasi, wina aliyense akukuonani mukudzuka, mukudya, mukugona. Aliyense amavala yunifolomu yofanana, amadzuka nthawi imodzi, ndipo pakudya lamulo ndi lakuti nthongo iliyonse uitafune ka 50 usanameze. Makatani amaloledwa kutsitsa pa ola limodzi lokha lokumana mwamuna ndi mkazi, nalonso upite kaye ukatenge tikiti ya pinki. Mtsogoleri amamutcha Wochitira Anthu Zabwino ndipo chaka ndi chaka amamusankhanso onse pamodzi pokweza manja poyera.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti D-503 poyamba sakudandaula ayi, akusangalala ndithu, akulemba m'kabuku kake kutamanda boma kuti linachotsa chisokonezo cha ufulu. Kenako akumana ndi mkazi, I-330, yemwe amasuta fodya, amamwa mowa, amavala madiresi akalekale, zonsezo zoletsedwa, basi mutu wa mnyamata uja wabalalika, wayamba kulota usiku, nsanje yamugwira, akujomba kuntchito, mpaka akupita kwa dokotala kuganiza kuti wadwala. Dokotala akumuuza kuti zinthu sizili bwino, wamera mzimu, ndipo matendawa alibe mankhwala. Pamenepo mpamene munthuyu akuyamba kudzifunsa kuti kodi ine ndine ndani.

Tsono apa ndiime kaye, chifukwa ife timakula tikumva kuti kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu, ndiye wina atha kunena kuti bukuli likunyoza umodzi. Ine sindikuona choncho. Pamaliro anthu akasonkhana, wina wabwera ndi nkhuni, wina ufa, wina akukumba manda, aliyense amabwera ndi dzina lake ndi mtima wake, ndipo mfumu ikamathokoza imatchula anthu. "Ife" wa m'bukuli ndi wina, ndi ife wochita kukakamiza, wofafaniza "ine" aliyense kuti patsale manambala omvera. D-503 mpaka amalakalaka akanakhala ndi mayi akeake omudziwa ngati mwana wawo, poti kumeneko ana ndi a boma.

Akuluakulu a Soviet Union anamva bwinobwino zimene bukuli likunena, analiletsa. Linayamba kutuluka m'Chingerezi ku New York mu 1924. Zamyatin atatopa ndi kutsekedwa pakamwa analembera kalata Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, mu 1931 kupempha kuti atuluke m'dzikomo, anamulola, ndipo anakamwalira ku Paris mu 1937. George Orwell, mlembi wa ku England, analiwerenga bukuli n'kulembapo ndemanga mu 1946, patangotsala zaka zitatu kuti buku lake lotchedwa 1984 lituluke. Kwawo ku Russia linasindikizidwa mu 1988.

Amene simunawerenge ndipo simukufuna kumva mathero, imitsani vidiyoyi pano.

Boma lija likulengeza opaleshoni yowotcha kachigawo ka ubongo kamene munthu amaganizira nako zinthu zimene kulibe. D-503 akugwidwa, akumupanga opaleshoniyo. Mawa lake akupita yekha kukaulula I-330 ndi anzake onse oukira boma, kenako akukhala pansi n'kumaonerera I-330 akuzunzidwa m'belu la galasi lopopedwa mpweya, katatu konse, mkaziyo osayankhula kanthu. Iye akulemba zonsezi m'kabuku kake kaja modekha, akumwetulira, mkazi uja akungomutcha "mkazi ameneyo".