Mabuleki, magudumu ndi malamulo oteteza sitima ya pamtunda

Mafumu athu, amayi ndi abambo nonse amene mwasonkhana pano pa Chipoka, zikomo pondipatsa mpata woti ndilankhule za malamulo oteteza sitima ya pamtunda, makamaka okhudza injini ndi mabogi ake. Njanjiyi inafika kuno ku Salima mu 1935 kuchokera ku Blantyre, ndipo mu 1979 inapitirira mpaka ku Lilongwe, choncho ambiri tinabadwa tikuiona, koma ndi ochepa amene anauzidwapo chimene chimaimitsa sitima.

Ndiyambe ndi mabuleki, pakuti m'pamene pagona nkhani. Magudumu a sitima ndi achitsulo, njanjinso ndi yachitsulo, ndipo ziwirizi sizigwirana mwamphamvu ngati tayala la galimoto pa phula. N'chifukwa chake sitima yodzaza katundu, ngakhale dalaivala aone ngolo kapena njinga ya kabaza pamalo owolokera n'kumanga mabuleki pomwepo, imayendabe mamita mazana angapo isanaime. Kuchokera ku injini mpaka ku bogi yomaliza pamadutsa paipi ya mpweya, ndipo inakonzedwa mwanzeru kotero kuti ikaduka, kapena mabogi akalumuka panjira, mabuleki onse amadzimanga okha. Lamulo limafuna kuti mabulekiwa ayesedwe ulendo usanayambe. Tsono mwana wosewera pasiteshoni akatseka kampopi ka paipiyo pakati pa mabogi, mabogi onse a kumbuyo amakhala opanda mabuleki, ndipo dalaivala angadzazindikire ali kale pamtsetse. Zimandiwawa kwambiri kumva munthu akunena kuti wangochotsa kachitsulo kamodzi kokha, chikhalirecho kachitsuloko n'kamene kamakanikiza gudumu kuti liime.

Gudumu lililonse lili ndi mlomo mkati mwake umene umaliletsa kuchoka panjanji. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji yathu ndi mamilimita 1,067, ndipo amisiri amayeza mlomowo kawirikawiri, ukapyapyala bogiyo imachotsedwa pa ntchito. Mpatawo umasungidwa ndi mabawuti, zomangira ndi miyala ija imene ena amakolola kukamangira maziko a nyumba. Mukaona utsi ukutuluka pa gudumu sitima ikudutsa, dziwani kuti malo ozungulirapo gudumulo atentha ndipo chitsulo chake chikhoza kuthyoka, choncho kauzeni ogwira ntchito ku siteshoni msanga.

Ena amafunsa chifukwa chake mainjini akale oyendera nthunzi, ngati amene amasungidwa ku Museum ya ku Chichiri ku Blantyre, sangokolezedwa moto kuti azinyamula alendo. Ganizoli si loipa, ndipo inenso ndingakonde kuti adzukulu athu aone mmene makolo ankayendera. Koma injini yotere ili ndi thanki yowiritsira madzi imene imasunga nthunzi yamphamvu zedi, ndipo chitsulo chimene chakhala zaka zambiri chikudyedwa ndi dzimbiri chikhoza kuphulika. Asanaikoleze, akatswiri amayamba aipopera madzi ozizira mwamphamvu yoposa imene idzagwirire ntchito, chifukwa madzi akapeza pofooka amangodontha, pamene nthunzi imang'amba thanki yonse. Amayesanso chotulutsira nthunzi ikachuluka ndi galasi loonetsa mlingo wa madzi. Ku Britain, kumene sitima zakale zoterezi zimanyamula alendo, njanji zake zambiri siziloledwa kupitirira liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola.

Pempho langa kwa inu mafumu ndi lakuti mukambirane ndi osula mbaula ndi makasu komanso ogula zitsulo zakutha m'midzi mwanu, kuti munthu akawabweretsera chitsulo cha njanji kapena cha bogi azikana ndi kukudziwitsani. Dzinja likubwerali, amene muli ndi minda pafupi ndi njanji musalime mpaka m'mphepete mwake, ndipo madzi akakokolola dothi pansi pake kapena pa mlatho, tumizani uthenga ku siteshoni sitima isanafike.