Mwapeza dzina la agogo m'buku lakale, koma kodi ndi iwodi?

[Wofotokoza akuyang'ana kamera]

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikukamba za kufufuza dzina la kholo lanu m'mabuku a mibadwo ndi m'zolemba zakale. Kupeza dzina sikuvuta kwenikweni. Ntchito yagona pa kutsimikiza kuti mwini dzinalo ndi munthu amene mukumufunayo.

Yambirani pa inu nomwe. Lembani dzina lanu, la makolo anu, la agogo, ndipo pambali pa dzina lililonse ikani malo ndi chaka: anabadwira kuti, anakwatirana ndi ndani, anamwalira liti. Muzibwerera m'mbuyo mbadwo umodziumodzi. Ambiri amalumpha. Akangomva kuti kale kunali munthu wotchuka wa dzina ngati lawo, basi banja lonse alimangirira pa iyeyo. Chonde musatero. Achikulire amene akadali moyo, kachezeni nawo msanga ndipo mujambule mawu awo, chifukwa mayina ena sanalembedwe paliponse.

[Pa sikirini: tsamba la buku la mibadwo]

Mabuku a mibadwo alipo akuluakulu ochititsa chidwi. Ku China, buku la mbumba ya Confucius, mphunzitsi wa nzeru wakalekale, limene linatuluka mu 2009 lili ndi mayina oposa 2 miliyoni, mibadwo yoposa 80. Koma tamverani izi: aka kanali koyamba kuti ana aakazi alembedwemo. Zaka mazanamazana, theka la banja silinkaoneka. Buku la mibadwo amalemba ndi munthu, nthawi zambiri patapita zaka zambiri, ndipo amasankha woti alowe ndi woti atsale. Likulozerani kumene mungayang'ane, koma umboni weniweni ndi chikalata chimene chinalembedwa nthawi yomwe chinthucho chinkachitika.

Zikalata zotere zambiri zili m'makaundula a mipingo. Ku England, Thomas Cromwell, nduna yaikulu ya mfumu, analamula mu 1538 kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro. Mpingo wa Katolika unakhazikitsa lamulo la kaundula wa ubatizo ndi ukwati pa msonkhano wa ku Trent mu 1563. Mukapeza kaundula wotere, musangokopera dzina n'kutseka buku. Werengani mzere wonse. Tsiku la ubatizo si tsiku lobadwa. Ndipo mboni za ukwati kawirikawiri zimakhala achibale, ndiye dzina la mboni likhoza kukutsegulirani khomo la banja la mayi.

[Pa sikirini: pepala la kalembera wa ku America]

Kalembera naye amathandiza, koma muyenera kudziwa amene ankamuwerenga ngati munthu woyenera dzina. Ku America kalembera anayamba mu 1790, ndipo mpaka 1840 ankalemba dzina la mutu wa banja yekha. Ena onse anali manambala. Mu 1850 ndi 1860 anthu aufulu anayamba kulembedwa aliyense ndi dzina lake, koma akapolo anawandandalika pansi pa dzina la mbuye wawo: zaka, mwamuna kapena mkazi, khungu, osatchula dzina. Ambiri mwa iwo anaoneka koyamba ndi mayina awo mu 1870. Zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa zidzukulu zawo lero zimakakamizika kufunafuna agogo awo m'zikalata zogawira chuma cha masiye ndi m'mapepala a katundu wa anthu amene anawagula.

Tsono dzina lenilenilo silikhala malo amodzi. Mlembi ankalemba zimene khutu lake lamva, makamaka ngati chilankhulo cha munthuyo sankachidziwa. Munthu mmodzi mumupeza ndi kalembedwe katatu. Choncho litchuleni dzinalo mokweza, muganize mmene mlendo akanalilembera, mufufuze njira zonsezo. Akazi ambiri amasintha dzina akakwatiwa. Ku Iceland dzina lachiwiri limasintha mbadwo uliwonse, poti mwana wa Jón amakhala Jónsson kapena Jónsdóttir. Mabanja ambiri a ku Ulaya, mwana akamwalira ali wakhanda, ankapereka dzina lomwelo kwa wobadwa pambuyo pake. Mukapeza mwana woyamba uja n'kuima pomwepo, mwalemba chaka cholakwika.

N'chifukwa chake dzina lokha silikwanira. Lifunika ligwirizane ndi zinthu zina ziwiri kapena zitatu: malo, zaka, dzina la mkazi kapena mwamuna wake, mayina a ana. Chimodzi chikasemphana, mwachitsanzo mayi akuoneka kuti anabereka ali ndi zaka 8, dziwani kuti mwasakaniza anthu awiri.

Nthawi zina chikalata chimene mukufuna kulibe. Mbali yaikulu ya kalembera wa ku America wa 1890 inawonongeka ndi moto mu 1921, ndipo mu 1922 nyumba yosungira zolemba za boma ku Dublin, m'dziko la Ireland, inapsa pa nkhondo yapachiweniweni. Zikatero lambalalani. Fufuzani mchimwene kapena mchemwali wa kholo lanulo, poti makolo awo ndi amodzi. Onani ziliza kumanda, mabuku a asilikali, mapepala a malo, nyuzipepala zakale.

[Pa sikirini: tsamba la FamilySearch]

Pa intaneti, FamilySearch ili ndi zithunzi zambirimbiri za makaundula ndipo salipiritsa. Koma siyanitsani chithunzi cha kaundula weniweni ndi mndandanda wa banja umene wina anangolowetsa yekha. Cholakwa chimodzi chikakopedwa ndi anthu 50, chimaoneka ngati choona. Inu tsegulani chithunzicho muwerenge nokha. Pa dzina lililonse lembani kumene mwalipeza, buku liti, tsamba liti, ndipo limene simunatsimikize muliike chizindikiro kuti wachibale wodzapitiriza ntchitoyi adziwe poyambira.