Kusintha kwa pantchito kusabwere modzidzimutsa

Amayi ndi abambo, nonse mwamva zimene zinachitika m'bungwe lathu mwezi wathawu. Atsogoleri atalengeza kuti kaundula wa mamembala achoka m'mabuku n'kulowa m'kompyuta, sabata isanathe mphekesera inali itafala yoti alembi achotsedwa ntchito. Panalibe amene anaganiza zochotsa munthu, koma poti palibe amene anafotokoza, anthu anadzipezera okha mayankho. Chonde, tisamadzidzimutse anthu ndi kusintha.

Kusintha n'kofunika ndithu. Kampani ya Kodak inapanga kamera ya digito mu 1975, koma inakakamira malonda a mafilimu ojambulira zithunzi mpaka mu 2012 inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake. Chovuta ndi m'mene kusinthako kumafikira anthu. Mu 1948, ofufuza awiri, Lester Coch ndi John French, anafalitsa zimene anapeza pa fakitale ya Harwood yosoka zovala zogonera ku Virginia, m'dziko la Amereka. Antchito amene anangouzidwa za kasokedwe katsopano anachepetsa ntchito, ena mpaka anasiya, pomwe amene anakhala nawo pokonza kusinthako anabwerera msanga pa liwiro lakale, kenako analipitirira. Atsogoleri inu, mumakonda kugwirizana zinthu muli nokha m'chipinda, kenako mumadabwa anthu akamanyinyirika. Musamadzidzimutse anthu.

Amayi akumbuyoko afunsa kuti, nanga anthu akafunsidwa n'kukana, tisiye? Ayi, amayi, kufunsa anthu sikutanthauza kuwapatsa mphamvu yoletsa chilichonse. Munthu akakana, kawirikawiri pamakhala chimene akuopa kutaya, kaya ndi ntchito, kaya ndi ulemu umene anali nawo chifukwa chodziwa njira yakale, kaya ndi kuchita manyazi pophunzira pamaso pa achinyamata. Mukamumvetsera mudzadziwa chimene akuopacho, ndipo nthawi zina mudzapeza kuti iyeyo waona vuto lenileni limene inu simunalione. Mlembi amene wasunga mabuku zaka zambiri amadziwa mayina olembedwa kawiri, zimene kompyuta singadziwe yokha.

Ndikuona kuti ena mwatopa, ndiye ndifulumire. Fotokozani chifukwa chosinthira tsiku lisanafike, yambani ndi gulu lochepa, phunzitsani anthu nthawi ya ntchito, ndipo musataye mabuku akale mpaka mutatsimikiza kuti zonse zalowa bwino. Lachisanu tikumane ndi alembi, ndipo iwo ndiwo ayambe kulankhula.