Mayeso a Chiphaso cha Unamwino: Kuwerenga Funso Ngati Wodwala Ali Patsogolo Panu

Takulandirani nonse amene mukuonera, makamaka inu anamwino ndi azamba amene mwamaliza maphunziro ndipo tsopano mukudikira mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe limene limapereka chiphaso chogwirira ntchito ya unamwino ndi uzamba m'dziko muno. Kaya munaphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, ku Mzuzu University, ku Malawi College of Health Sciences, kapena m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Malamulo, Ekwendeni ndi Mulanje Mission, nonse mukulowera khomo limodzi, ndipo lero ndikufuna tikambirane mmene mungakonzekerere.

Ophunzira ambiri, mayeso akayandikira, amatenga makope onse a zaka zitatu kapena zinayi n'kuyamba kuloweza usiku ndi usana. Kuloweza kuli ndi malo ake, chifukwa mlingo wa mankhwala sungauganizire pamutu, uyenera kuudziwa. Koma anthu amene amakonza mafunso a chiphaso amafuna kudziwa chinthu china: ngati atakusiyani nokha usiku pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, dokotala kulibe, ambulansi ili kutali, kodi wodwala adzafika m'mawa ali moyo? N'chifukwa chake funso limabwera ngati nkhani ya wodwala, ndipo mayankho onse anayi amaoneka olondola. Nthawi zambiri amakhaladi olondola onse, kungoti limodzi lokha ndi limene liyenera kuchitika poyamba. Luso losankha limenelo ndi limene aphunzitsi anu amalitcha clinical reasoning, ndipo limaphunzirika. Tiyeni tilione pa odwala enieni a mtundu umene mwakumana nawo kale m'mawodi.

PA KANEMA: Nkhani ya wodwala woyamba ndi mayankho anayi.

Mayi wa zaka 32, amene akubereka kachisanu, wabereka mwana wolemera makilogalamu 4.2 mphindi 40 zapitazo, ndipo nsengwa inatuluka. Tsopano nsalu zonse zanyowa ndi magazi. Mtima ukugunda ka 118 pa mphindi, BP ili pa 95/60, ndipo mutagwira pamimba mwapeza chiberekero chili chofewa, chili pamwamba pa mchombo, chapendekekera kumanja. Funso likuti, namwino achite chiyani poyamba? Kutenga magazi kuti akayezedwe ku labu, kutikita chiberekero, kupita kukaitana dokotala, kapena kulemba zimene wapeza mu fayilo?

Musathamangire mayankhowo. Yambani mwafunsa kuti, m'nkhaniyi ndi ziti zimene zikundichenjeza? Wolemba funso sanaike mawu aliwonse mwangozi. Anatiuza kuti mayiyu wabereka kachisanu ndiponso kuti mwana ndi wamkulu chifukwa zinthu ziwirizi zimatopetsa chiberekero, n'kuchichititsa kulephera kukungika mwana akabadwa. Anatiuza kuti ndi chofewa kuti titsimikize zimenezo. Anatiuza kuti chapendekekera mbali imodzi chifukwa chikhodzodzo chodzaza mkodzo chimakankha chiberekero n'kuchilepheretsa kukungika. Ndipo taonani manambala aja: kugunda kwa mtima kwaposa nambala ya pamwamba ya BP. Mayi wathanzi amatha kutaya magazi ambiri BP yake isanatsike kwenikweni, chifukwa thupi limayamba ladziteteza pothamangitsa mtima, choncho namwino amene amadikira kuti BP igwe ndiye akhulupirire kuti zinthu zavuta amakhala atachedwa kale.

Munaphunzira kuti kutaya magazi okwana mamililita 500 kapena kuposerapo m'maola 24 mayi atabereka ndi vuto, ndipo zifukwa zake zili m'magulu anayi: chiberekero chosakungika, kung'ambika kwa njira, zotsalira za nsengwa, ndi magazi osaundana. Kudziwa magulu anayiwo ndi kuloweza. Kuona kuti mayi uyu ali m'gulu loyamba, lomwenso ndi limene limachitika kawirikawiri kuposa ena onse, ndiko kuganiza. Yankho ndi kutikita chiberekero, chifukwa ndi chinthu chimene chimachepetsa magazi nthawi yomweyo, ndipo chili m'manja mwanu. Kuyeza magazi ndi kwabwino, koma zotsatira za ku labu siziletsa magazi kutuluka. Dokotala akufunika ndithu, koma mayi wotaya magazi simumusiya yekha: mumakuwa kuitana thandizo dzanja lili pamimba. Kenako pamabwera oxytocin, mankhwala okungitsa chiberekero, kutulutsa mkodzo ndi katheta, madripu, ndi tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, galamu imodzi pamtsempha pasanathe maola atatu mwana atabadwa.

Tsopano sinthani mawu amodzi okha m'nkhani ija. Tinene kuti chiberekero ndi cholimba, chakungika bwino, koma magazi ofiira akutulukabe. Yankho lija lasanduka lolakwika, chifukwa kutikita chiberekero cholimba kale sikuthandiza chilichonse; tsopano muyenera kuunika njira kuti muone pamene pang'ambika. Ine ndimakhulupirira kuti palibe njira yokonzekera imene imaposa imeneyi: funso lililonse limene mwayankha, lisintheni mawu amodzi n'kudzifunsa ngati yankho lasintha. Funso limodzi limabala mafunso atatu kapena anayi, ndipo mumayamba kuona zimene wolemba funso amaona.

PA KANEMA: Mawu ofunika kuwazindikira m'funso.

Mayeso amenewa amalembedwa m'Chingelezi, ndipo pali timawu ting'onoting'ono timene timagwetsa anthu odziwa bwino ntchito. Funso likati first kapena immediate likufuna chochita cha mphindi ino. Likati most appropriate likufuna chimene chikugwirizana ndi wodwala ameneyu, osati wodwala wa m'buku. Likati except likufuna yankho lolakwika pakati pa olondola, ndipo munthu wotopa amadumpha kamawuko osakaona. Dulani mzere pansi pa mawu amenewa musanawerenge mayankho.

PA KANEMA: Nkhani ya wodwala wachiwiri.

Mwana wa zaka zitatu, wolemera makilogalamu 12, wabwera atatentha thupi masiku awiri. Anakomoka kunyumba, ndipo pano sakudzuka ngakhale mumutsine. Kuyeza kwasonyeza kuti ali ndi malungo. Ophunzira ambiri akangoona mawu akuti malungo amathamangira artesunate, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa ndiwo mankhwala ake. Koma dzifunseni kuti, n'chiyani chingaphe mwanayu m'mphindi khumi zikubwerazi? Tizilombo ta malungo sitimupha m'mphindi khumi. Chimene chingamuphe ndi njira ya mpweya yotsekeka ndi masanzi kapena lilime, komanso shuga wotsika m'magazi. Apa ndi pamene ETAT imagwira ntchito, ndondomeko yosankhira ndi kuthandiza mwachangu ana odwalitsitsa, imene ntchito ya madokotala ndi anamwino a ana pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre inathandiza kwambiri kuikhazikitsa. Mumayamba ndi njira ya mpweya, kenako kapumidwe, kenako kayendedwe ka magazi, chikomokere ndi kukomoka, kenako kuchepa kwa madzi m'thupi. Choncho mwanayu mumugoneke chammbali, muonetsetse kuti akupuma, muyeze shuga. Ngati shugayo ali pansi pa 2.5 mmol/L, kapena ngati mulibe choyezera, mumupatse madzi a shuga otchedwa dextrose wa 10 peresenti pamtsempha, mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza mamililita 60. Mukatero mupereke artesunate mosazengereza, ndipo apa pali msampha wina: mlingo wa mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu ndi wa munthu wolemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo, pamene mwana wosafika makilogalamu 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Mwanayu ndi wa mamiligalamu 36. Wolemba funso anaika kulemera kwa mwana kuti aone ngati muzindikira zimenezi.

Msampha wofanana ndi umenewu uli pa mwana wotsegula m'mimba. Mukaona maso olowa ndi khungu losabwerera msanga, maganizo amathamangira ku dripu yothamanga. Koma nkhani ikangotchula kuti mapazi onse awiri ndi otupa, kapena kuti mwanayo ndi wowonda kwambiri, imani kaye, chifukwa mtima wa mwana wonyentchera kwambiri sungathe kupopa madzi ochuluka obwera nthawi imodzi. Ameneyu amapatsidwa ReSoMal, madzi obwezeretsa madzi m'thupi okonzedwera ana onyentchera, pang'onopang'ono kudzera pakamwa kapena pa chubu cha m'mphuno, ndipo dripu amamuika pokhapokha ngati ali mu shoko, kutanthauza kuti magazi sakuyenda mokwanira m'thupi.

Mbali imene ophunzira amaiwala kwambiri ndi yomaliza, ya kubwerera kwa wodwala kukaona ngati chimene munachita chathandiza kapena chavulaza. Chitsanzo chabwino ndi magnesium sulphate, mankhwala oletsa kukomoka, kwa mayi woyembekezera wa BP yokwera kwambiri. Aliyense amaloweza kuti poyamba ndi magalamu 4 pamtsempha ndi magalamu 5 m'thako lililonse, kenako magalamu 5 pa maola anayi aliwonse. Koma funso lingakuuzeni kuti nthawi ya jakisoni wotsatira yakwana, mayi akupuma ka 12 pa mphindi, ndipo m'maola anayi watulutsa mkodzo wokwana mamililita 60 okha. Namwino woloweza adzabaya chifukwa nthawi yakwana. Namwino woganiza adzakumbukira kuti mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, moti mkodzo ukachepa amaunjikana n'kufooketsa kapumidwe. Adzaona kuti kupuma kwatsika pansi pa ka 16, adzayeza ngati bondo likudumpha akaligogoda, sadzapereka jakisoniyo, adzaitana thandizo, ndipo calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium sulphate, adzakhala ali naye pafupi.

Za masamu a dripu sindichedwapo, chifukwa mankhwala ake ndi kuyeserera basi. Lita imodzi yoti ithe m'maola 8, pa chubu cha madontho 20 pa mililita, ndi 1000 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi mphindi 480, zimene zikutipatsa madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Chitani masamu otere asanu tsiku lililonse mpaka dzanja lizolowere.

Nanga masabata amene atsalawa muwagwiritse ntchito bwanji? Langizo langa loyamba ndi lakuti muchepetse nthawi yowerenga makope ndi kuchulukitsa nthawi yoyankha mafunso, ndipo pa funso lililonse mulembe chifukwa chimene mayankho atatu enawo sali oyamba. Mukalakwa, musangolemba yankho lolondola n'kupitirira. Fufuzani pamene panaduka ulusi: kodi simunadziwe mfundoyo, kapena munaidziwa koma simunaone chizindikiro m'nkhani, kapena munaona zonse koma munasokoneza choyamba ndi chachiwiri? Matenda atatuwa ali ndi mankhwala osiyana, ndipo ndi oyamba okha amene amachira ndi kuwerenga buku. Khalani ndi kope lapadera la zolakwa zanu. Sabata yomaliza, kope limenelo lidzakuthandizani kuposa mabuku onse.

Kuwerenga pagulu n'kothandiza ngati gululo ndi la anthu atatu kapena anayi amene amatsutsana. Mmodzi afotokoze wodwala amene anamuona pa wodi, osatchula dzina lake, aime pakati, n'kufunsa anzake kuti akanatani. Aliyense ayankhe mokweza ndi kupereka chifukwa chake. Kulankhula mokweza kumeneku kumakukonzekeretsaninso mayeso a manja, pamene woyesa amakhala ataima pambali ndi pepala lake, ndipo sangakupatseni malikisi pa zimene zangokhala m'mutu mwanu. Sambani m'manja iye akuona, mulonjereni wodwala ndi kudzitchula, mufotokozereni zimene mukufuna kuchita, mupemphe chilolezo, tsekani makatani, ndipo nenani zimene mwapeza. Zinthu zimenezi anthu amaziona ngati zazing'ono, koma ndi zimene mantha amayamba kufufuta.

Ndiponso werengani ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo zimene zikugwira ntchito panopa, makamaka za malungo, HIV, TB ndi uchembere, chifukwa zimasinthidwa, ndipo kope limene munalandira kwa amene anakutsogolerani m'kalasi likhoza kukhala ndi mlingo wakale. Kwa inu amene mukulingalira zodzagwira ntchito kunja, dziwani kuti luso lomweli ndi limene likufunidwa kumeneko: mayeso a NCLEX a ku United States anasinthidwa mu April 2023 kuti aziyesa kwambiri kaganizidwe ka namwino pa nkhani za odwala, ndipo ku Britain mumadutsa mayeso a pa kompyuta ndi a manja otchedwa OSCE.

PA KANEMA: Nkhani ya wodwala wachitatu.

Ndikusiyirani wodwala mmodzi kuti mulimbane naye. Muli nokha pa wodi ya amuna usiku. Bambo wa zaka 45 anayamba kulandira magazi mphindi 10 zapitazo, ndipo tsopano akunjenjemera, akudandaula msana, thupi latentha kufika pa 38.9. Nthawi yomweyo mlonda wa wodwala wina akukuitanani kuti dripu yatha, ndipo wodwala wachitatu, amene anachitidwa opaleshoni dzulo, akupempha mankhwala a ululu. Lembani kuti muyamba ndi ndani, chinthu choyamba chimene manja anu adzachite n'chiyani, ndiponso ndi zizindikiro ziti m'nkhaniyi zimene zakutsogolerani. Mu vidiyo yotsatira tidzayambira pa bambo ameneyu.