Makalata a Omvera: Mukayambana pa boti, mumanyanyalira kuti?

Takulandirani omvera nonse kulikonse kumene muli. Thumba la sabata ino ndi lolemera. Ena mwalemba pa WhatsApp, ena pa pepala long'amba m'kope la mwana, kuseri kwake kukuoneka masamu amene analakwa. Tiyambe ndi bambo a ku Dedza amene akudandaula kuti kalata yawo sitinaiwerenge mwezi watha. Bambo, ija inali masamba 6, onsewo onena za apongozi anu. Ifupikitseni, tidzaiwerenga.

Koma pali imodzi imene ndaiwerenga katatu, ndipo mundikhululukire, ndichedwapo. Yachokera kwa mayi wina wa ku Nkhata Bay, amene akulemba ali pa nyanja ya mchere, kufupi ndi Vilankulo ku Mozambique. Akuti:

"Ine ndi amuna anga timagwira ntchito pa boti ya matanga, ija amati yacht. Si yathu. Mwini wake ali ku Joni, amangobwera mwa apo ndi apo, ndiye masiku ambiri timakhala awiriwiri. Tinanyamuka ku Richards Bay mu Julayi, tinaima ku Inhaca ndi ku Inhambane, ndipo tikulowera kumpoto. Bambo ndiwo amayendetsa, ine ndimaphika ndi kukoka zingwe. Tikamayenda usiku timasinthana, iwo maola atatu, ine maola atatu. Wina akagona, wina maso pa nyanja, atadzimangirira ndi lamba ku boti kuti funde likamukankha asagwere m'madzi.

"Nsima ndimaphika ndithu, pa mbaula ya gasi imene imapendekeka yokha boti ikapendekeka. Poto ndimamupana ndi tizitsulo, mwendo umodzi kutsamiritsa ku kabati, kenako mthiko. Mbale ndimatsuka ndi madzi a m'nyanja n'kutsukuluza ndi kapu imodzi ya madzi abwino, chifukwa akatha m'thanki palibe mjigo. Sopo wathu wamtanda m'madzi amchere sachita thovu. Ine mwana wa kunyanja, amene ndinakula ndikumwa madzi omwe ndikusambawo, lero ndazunguliridwa ndi madzi osamweka.

"Nkhani yanga ndi iyi. Sabata yatha tinayambana chifukwa cha ndalama zimene achimwene awo anapempha. Kukanakhala kwathu ndikanapita ku chigayo kapena kwa anzanga kukaphwetsa mtima. Kuno boti yonse ndi mamita 12. Ndinakhala kutsogolo, iwo kumbuyo, tsiku lonse osayankhulana. Pakati pa usiku anandigwedeza phewa, amvekere, 'Amake mwana, nthawi yanu yakwana.' Ndinadzuka ndili chikwiyire, ndinakagwira chiwongolero, iwo n'kugona tulo tofa nato. Ndinawayang'ana, munthu wasiya moyo wake m'manja mwa mkazi amene sakumuyankhula. Misozi inatsika yokha. Abale kumudzi akaona zithunzi amati tikunjoya, ndalama tikuchita kutola. Tiwafotokozere bwanji?"

Mayi, choyamba ndikuvulireni chipewa. Ine amene ndikuyankhula pano ndinakwerapo Ilala kamodzi, kuchokera ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, nthawi ya mwera. Sitima yachitsulo, yaikulu, imene yakhala pa nyanja yathu kuyambira 1951, koma zimene ndinadya tsiku limenelo zonse zinapita kwa nsomba. Ndiye inu muli m'kaboti ka mamita 12, mukuvundula nsima!

Omvera amene simunaione nyanja imeneyo, ndikuuzeni pang'ono, kuti mukamapempha ndalama muzidziwa kumene ikuchokera. M'mbali mwa gombe limenelo madzi enieniwo amayenda ngati mtsinje kulowera kum'mwera, ndiye wopita kumpoto ali ngati wokwera chitunda. Amadikira mphepo yochokera kum'mwera kuti imukankhe, koma mphepoyo ikakula n'kuwombana ndi madzi amene akutsikawo, mafunde amaima chilili ngati zipupa. Chinanso chimene ife a ku Nyanja ya Malawi sitichidziwa: madzi a kumeneko amaphwera n'kudzazanso kawiri pa tsiku. Ku zilumba za Bazaruto, kumene mayiwa ali pafupi, munthu atha kuponya nangula madzulo pamalo pooneka pakuya, podzuka n'kupeza mchenga waonekera mbali zonse. Ndipo kalendala nayo imawathamangitsa, chifukwa kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe. Idai amene anasasantha Beira mu 2019, Freddy amene anatiliza mu Malichi 2023, onsewo anatulukira m'nyanja yomweyo. Ife tinawaonera pamtunda ndipo mpaka lero sitinaiwale.

Tsono pa za kunyanyala paja. Ndaganizapo kwambiri. Ife a kumtunda kuno timatha kusungirana mkwiyo sabata yathunthu chifukwa tili ndi kothawira. Bambo ku bawo, mayi kwa alamu awo, ana n'kusanduka amthenga: "Kawauze abambo ako nsima yapsa." Inu mulibe mwana womutuma, mulibe ankhoswe, mulibe ngakhale khonde. Ndipo amuna anuwo, kaya anachita dala kaya ndi kutopa chabe, sanakufunseni ngati mtima watsika. Anangokupatsani chiwongolero n'kutseka maso. Ine ndakhala m'banja zaka zambiri, koma sindikudziwa ngati mayi a kunyumba kwanga atakwiya ndingagone choncho pakati pa nyanja. Akumva pano, ndiye ndisapitirize.

Komabe ndikudzudzuleni pang'ono, nonse awiri. Nkhani ya ndalama za achibale musamaiyambe muli pakati pa madzi, wina ali ndi tulo ta maola atatu m'maso. Dikirani mwaponya nangula, mwadya, mwagona. Mugwirizane kuti pa mwezi kumudzi kuzipita zakutizakuti, mbali ya bambo ndi mbali ya mayi, ndipo zikatha zatha. Inunso bambo, ngati mukumvera: achimwene akaimba foni, yankho lake ndi lakuti "ndikambirane kaye ndi akunyumba." Si kulodzedwa kumeneko ayi. Mayiwa ndi amene amakudikirirani mukagona.

Za zithunzizo, mayi, vuto mwaliyamba nokha. Mumatumiza dzuwa likulowa, madzi obiriwira, inu mutavala magalasi akuda. Tsiku lina tumizani zikhatho zanu mmene zang'ambikira ndi zingwe. Tumizani ndowa imene mumasanziramo. Tumizani nkhope ya amuna anu nthawi ya 3 koloko m'bandakucha.

Ndipo apa ndiyankhule ndi inu a kumudzi, chifukwa kalata iyi si yokha. M'thumba lomweli muli ya mtsikana wa ku Leeds amene amasamalira okalamba usiku, muli ya bambo wa ku Cape Town amene amagwira ntchito m'dimba la bwana, muli ya gogo wa ku Bulawayo. Onse kulira kwake n'kumodzi: foni ya kumudzi ikaitana, moni wake ndi wa mawu awiri, kenako feteleza, fizi, malata. Palibe wofunsa kuti kodi mwadya, kodi mukugona pati. Inde, ndikudziwa kuti kuno zinthu zathina, thumba la feteleza lakwera mtengo moti munthu umachita kukhala pansi ukamva. Sindikuti musapemphe. Koma nthawi zina imbani popanda chopempha. Auzeni kuti mbuzi ija yaswa, mango ayamba kupsa, auje akwatiwa. Munthu ali kutali amamva ludzu la nkhani zoterozo kuposa mmene mukuganizira.

Ndataya nthawi, wondithandiza akundilozera wotchi. Tithamange.

Mnyamata wa ku Salima akufunsa mmene angapezere ntchito ya pa sitima. Mphwanga, yamba waphunzira kusambira, kenako kafunse ku koleji ya zapamadzi ku Monkey Bay. Amene akukulonjeza ntchito ya pa sitima pa Facebook n'kumati utumize kaye ndalama, mthawe.

Mayi a ku Chizumulu akudandaula kuti maboti ena amanyamula anthu ndi matumba mpaka madzi kufika m'milomo mwa boti, life jacket osaoneka ngakhale imodzi. Kalata yachitatu imeneyi mwezi uno. Eni maboti, tikukumvani mbiri yanu. Okwera, boti ikadzaza tsikani, usipa wanuwo sungaole ndi tsiku limodzi.

Bambo a ku Tete akupereka moni kwa akazi awo amene ali m'chipinda chomwecho. Bambo, tembenukani muwapatse nokha.

Ndipo inu mayi a pa boti, mukakafika ku Ilha de Moçambique, kachilumba kamene kanali likulu la dzikolo mpaka 1898, mukatilemberenso. Miyezi inoyi anangumi amakhala akudutsa m'nyanja imeneyo ndi ana awo. Mukamuona mmodzi, mundiuze zoona ngati amaposadi basi kutalika, chifukwa pano mu situdiyo takanganapo, ndipo ine ndabetcha fanta.